Kabotolo ka Mayi Ake a Pemphani

Lolemba, 9 Juni 2025

Ndabaya! Ndabaya munthu weniweni, wamoyo, osati lalanje lija takhala tikulizunza m'kalasi. Ine Jemima wa ku Biwi, chaka chachiwiri cha unamwino, lero ndalasa thako la abambo ena ku wodi ya amuna, iwo n'kufunsa kuti, "Mwamaliza kale?" Ndikanavina pomwepo.

Asisitala Kamwendo anaima pambali ngati wapolisi wapamsewu. Ndisanagwire n'komwe sirinji, mafunso mbwee: wodwala ndi yemweyu? Mankhwala ndi omwewa? Mlingo, njira, nthawi? Ndinayankha ngati katekisimu. Ndiye anati, "Wawafunsa ngati mankhwalawa amawawenga?" Ndinali nditaiwala. Anandiyang'ana mpaka makutu kutentha. Ndinafunsa, panalibe vuto, ndinabaya.

Madzulo Pemphani wanga waimba ali kuntchito ku Kanengo: mayi ake akufuna kundiona Loweruka kwawo ku Area 23. Zabwino ziwiri tsiku limodzi, kamtima kanga n'kamodzi komweka!

Lachitatu, 11 Juni

Achemwali anga a Elube akundiphunzitsa kugwada. Akuti ndimagwa ngati thumba la chimanga. Ndisaseke mokweza, ndisawayang'ane m'maso, ndipo chilichonse andipemphe ndizingoti "chabwino amayi". P. akuti mtsikana wina anamukana chifukwa chowapatsa madzi ali chiimire. Mawa mayeso a mankhwala. Maso ali pa penisilini, mutu uli pa chitenje.

Lachisanu, 13 Juni

Chitenje chobiriwira. Ayi, chabuluu. Chobiriwira basi.

Loweruka, 14 Juni

Zinayamba bwino mpaka ndinachita nazo mantha. Ndinagwada osagwa, ndinapereka shuga ndi sopo, iwo kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuti, "Pemphani, anesiwa unawatola kuti?" Anaitana amayi apafupi kudzandiona. Ndinatsuka mbale zotsuka kale. Chimwemwe chokhachokha.

Kenako anatuma P. kukagula makala, ine n'kundiitanira kuchipinda. Anatulutsa chitini cha majarini. M'katimo kabotolo ka ufa woyera, madzi ake osungunulira, ndi sirinji. Penisilini. Akuti anagula kwa munthu wina kumsika chifukwa kuzizira kwa Juni kwawaumitsa mawondo.

"Mapilitsi ndi masewera, mwana wanga, mankhwala ndi jakisoni. Mulungu wandipatsa nesi pakhomo. Tandibayani."

Penisilini wa mawondo! Wopanda chilembo cha dokotala! Ndinafunsa mwaulemu ngati anabayitsapo ameneyu.

"Eee, kalekale kwathu ku Ntcheu. Ndinatupa nkhope yonse, milomo ngati mbatata, mpweya kubanika. Ngwamphamvu ameneyu, amagwira thupi lonse." Ankanena monyadira, akumwetulira.

Ndinagwada n'kuti, "Amayi, pepani, sindingakubayeni. Kutupa kumeneko sinali mphamvu, mankhwalawa amakuwengani. Kachiwiri akhoza kukutsekani kukhosi, ndipo muno mulibe chokudzutsirani."

Iwo anati, "Ana asukulu. Musavutike. A Geoffrey akuseriku amabaya anthu, abwera mawa tikaweruka ku tchalitchi." Anaika chitini pawindo n'kutuluka.

Ndipo ine, tsiku loyamba pakhomo la eni ake, ndinatsegula chitinicho, kabotolo n'kukaponya m'kamisolo. Ndinatsanzika nditagwada bwinobwino, kabotolo kakundizizira pachifuwa. Mu minibasi ndinaseka mpaka kondakitala kufunsa ngati zili bho. Titafika ku Biwi n'kuti ndikulira.

Lamulungu, 15 Juni

P. waimba. "Jemi, shuwa wawabera masteni?" Ndamufotokozera zonse, ndamupempha kuti awaletse kugula kena. Iye wangoti, "Ukanangondiuza ine." Mwina. Koma iye anali ku makala. Amayi akuti nesi wakuba asadzapondenso pakhomo pawo.

A Elube anaseka mpaka kukhala pansi, atatha n'kuti, "Basi, ukwati wapita ndi kabotolo." Chikundiwawa, sindinama. P. ndimamukonda ngati misala. Koma ndikanati "chabwino amayi", bwenzi pano tikuphika pamaliro.

Lolemba, 16 Juni

Kabotolo ndakasiya ku famase kuti akataye. Ndawauza asisitala. Sanamwetulire. "Kukanako wakhoza. Kubako usadzabwerezenso. Mawondowo abwere nawo kuno." Ndamulembera P. zimenezi. Wawerenga, sanayankhe. Mayeso aja ndakhoza, koma ndiuze ndani?

Lachiwiri, 17 Juni

Za lero ndilembe ndisanagone.

M'mawa asisitala anandituma ku labu. Ndikudutsa pa mabenchi a odwala ongobwera, ndinangomva, "Wakuba uja ndi uyu!" Anthu onse kutembenuka. Amayi aja, duku lawo nga, P. kumbuyo kwawo ngati nkhuku yonyowa. Ndinafuna pansi patseguke.

"Ukuyang'ana chiyani? Bwera undigwire mkono, mawondo awa."

P. anandinong'oneza kuti dzulo anaimbira amayi ake aakulu ku Ntcheu kufunsa za jakisoni wakale uja. Akuti tsiku limenelo anthu anali atayamba kale kulira, anachita kuwathamangitsira kuchipatala pa ngolo. Amayi aakuluwo anawakalipira ang'ono awo pa foni mpaka batire kutha.

Asisitala anandilola kuwaperekeza. Adokotala atamva za kutupa kuja anasiya kulemba, n'kuwauza kuti penisilini asadzamulole moyo wawo wonse, ndipo kulikonse akapita azinena asanalandire mankhwala. Anawapinda mawondo, n'kuwalembera mapilitsi ndi mankhwala opaka. Amayi anakwinya nkhope: "Jakisoni palibe?" Palibe. Anandiyang'ana ngati ndine ndawanong'oneza.

Potuluka adokotala anaona yunifolomu yanga n'kufunsa, "Ndi mwana wanu uyu?"

"Ndi mpongozi wanga," anatero amayi, akundifinya mkono. "Ndi wakuba, koma ndi wanga."

Ndabwerera ku wodi ndikuyenda ngati ndalawa kachasu, mano onse pamtunda. Asisitala angondiyang'ana kamodzi n'kundithamangitsa: ndikasambe kumaso kaye ndisanagwire mankhwala a munthu.