Mapu a Bambo Ako Ndinawadula

Chintheche,
Nkhata Bay.
18 Juni 2017

Wokondedwa mwana wanga Hannah,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako aHoward, ndi wa mdzukulu wanga Jackie. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ku Zomba kumazizira miyezi ino, uzimuveka juzi ngakhale akane.

Kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene limatupa ndikapalasa makina tsiku lonse. Mwera wayamba, asodzi ambiri sakulowa m'madzi, ndipo usipa wasowa pamsika. Chinangwa chakuseri kwa nyumba chachita bwino chaka chino.

Udabwa kuti ndakulembera kalata pamene foni ndili nayo. Pafoni ndimatha kuzemba, mwana wanga. Ndimati netiweki yavuta, kapena kwabwera kasitomala. Papepala palibe pothawira, n'chifukwa chake ndasankha pepala.

Nkhani yake ndi ya mapu a bambo ako.

Unandifotokozera bwino za ntchito yako, ndipo ndinamva ngakhale sukulu ndinalekezera Fomu 2. Unati mukusonkhanitsa mapu akale amene anasindikizidwa nthawi ya azungu, mukuwagoneka pamakina ojambula, n'kuwalowetsa mukompyuta. Unati kenaka mumawasanjika pamwamba pa zithunzi za masiku ano zojambulidwa kumwamba, kuti muone pamene nyanja yadya mtunda, pamene mtsinje wasintha njira, ndi pamene nkhalango yatha. Unati a madera ena onse mwawapeza, koma a kuno kwathu munawapeza atadyedwa ndi chiswe mu ofesi imene ankasungidwa.

Mawu ako ankamveka kusangalala pamene unati a bambo ako ndi oposa onsewo, poti iwo analembamo ndi pensulo mayina enieni a Chitonga a madoko, timitsinje ndi midzi, pamene azungu analemba mopotoza kapena kusiya osalemba. Unati aprofesa ako wawauza kale, ndipo akudikira.

Wandifunsa kanayi kuti ndikutumizire mapuwo. Koyamba ndinati kiyi wa thiranki wasowa. Kachiwiri ndinati kuli mvula, anganyowe panjira. Kachitatu ndinati sindinapeze munthu wodalirika. Kachinayi ndinangodula foni.

Zonsezo linali bodza. Mapu aja mulibe m'thiranki. Ndinawadula ndi sizasi yanga chaka chimene bambo ako anamwalira, ndipo zaka khumi ndi zinayi zonsezi ndakhala ndikukuuza kuti ali bwinobwino.

Usasiye kuwerenga. Ndikufuna umve zonse, kenaka uweruze wekha.

Ukukumbukira kuti mapu aja anali omatidwa pansalu kumbuyo kwake, olimba ngati chikopa. Maliro a bambo ako atatha mu 2003, ndinayamba kusoka pakhonde la sitolo ku Chintheche kuti iwe upitirize sukulu. Amayi a kutchalitchi anandipatsa ntchito ya mabulauzi awo oyera. Patani wa nyuzipepala ankang'ambika ndikadulira mabulauzi awiri okha. Tsiku lina ndinatsegula thiranki, ndinayala mapu aja pamphasa chafufumimba, ndinajambula ndi choko kumbuyo kwake, n'kudula. Panatuluka msana, zifuwa ziwiri, mikono, kolala, matumba, ndi zina za yunifolomu ya ana a sukulu. Zidutswa khumi ndi ziwiri.

Ndikanatha kulekera pomwepa, n'kunena kuti unali umphawi. Iwe ukanandikhululukira msanga, ndikukudziwa. Koma mapepala a matumba a simenti analipo ambiri, ndipo atelala anzanga onse ankadulira amenewo. Ine ndinadula mapu aja chifukwa ndinkadana nawo.

Unali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene mlongo wako Griffin anatisiya. Unali kusukulu tsiku lija, kokonzekera nyimbo za kwaya, ndipo palibe amene anakuuza mmene zinayendera.

Linali Loweruka. Griffin anadzuka thupi likutentha, osafuna phala. Bambo ako anali atamanga kale mapu awo panjinga. Monga ukudziwa, Loweruka lililonse akapuma kuphunzitsa ankazungulira m'midzi kufunsa akuluakulu mayina a malo. Ndinawapempha kuti asapite. Anamugwira mwana pamphumi, n'kunena kuti ndi kutentha wamba, ndimupatse panado. Anati kuli mkulu wina ku Kande, wodwala kwambiri, amene ankadziwa mayina a madoko onse akale, ndipo akachedwa sabata imodzi adzapeza atapita nawo kumanda. Analonjeza kuti pofika masana akhala atabwera.

Njinga inali imodzi yomweyo panyumba.

Cha m'ma 10 mwana anayamba kukomoka, maso atatembenuka. Anansi onse anali kuminda. Ndinamubereka n'kuyamba kuthamanga wapansi kulowera kuchipatala. Galimoto ziwiri zinandidutsa pamsewu osaima. Nditafika pafupi ndi chipata ndinamva kuti kumsana kwanga kwalemera mwa mtundu wina. Anamwino atamumasula anangondikhazika pabenchi.

Bambo ako anafika dzuwa litapendeka, mapu ali panjinga.

Sindinawakalipire. Mwina zikanakhala bwino ndikanatero. Ndinangowayang'ana, iwonso anandiyang'ana, basi. Tinakhala limodzi zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndikuwaphikira, ndikuwachapira, tikupita limodzi kutchalitchi. Dzina la Griffin silinatulukenso pakamwa pawo, ngakhale kamodzi. Ine ndinkati mumtima, munthuyu sizinamukhudze, mwana wake weniweni ndi pepala lija. Atasiya maulendo awo a Loweruka ndinkati angotopa nawo.

Choncho pamene ndinkalowetsa sizasi m'mapu aja, sindinazengereze. Ndinawayala chafufumimba dala, kuti ndisaone zolemba zawo.

Iwe unkawakonda bambo ako, ndipo zimene ukuphunzira lero unazitengera kwa iwo. Ndinkaopa kuti ukadziwa, udzasankha pakati pa iwo ndi ine, ndipo ndinkadziwa amene udzasankhe.

Tsopano tamva zimene zachitika mwezi uno.

Nditadula foni ulendo wachinayi uja, ndinakhala masiku awiri osasoka. Tsiku lachitatu ndinatsitsa chikwama chimene ndimasungiramo mapatani, n'kutulutsa zidutswa zonse. Zinalipo zisanu ndi zitatu. Zili ndi timabowo ta mapini m'mbali monse, choko chabuluu, ndipo china chinadontheredwa mafuta a makina. Koma sizinang'ambike, ndipo zosindikiza zikuwerengeka.

Zina zinayi ndinakumbukira kuti ndinabwereka Olive, mtsikana uja ndinamuphunzitsa kusoka, amene anakwatiwa ku Kande. Ndinakwera minibasi m'mawa mwake.

Ndinamupeza pakhonde lake akusoka makatani a ku loji. Atamva chimene ndabwerera anaseka, nati patani ameneyo ndi amene wamudyetsa zaka zonsezi, sanaonepo wolimba chotero. Anapeza zitatu. Chachinayi, kolala, anati chinasowa kalekale pamene ankasamuka nyumba. Tinakutumula m'makatoni onse, osachipeza.

Pondipatsa chidutswa cha mkono, Olive anachigwira kaye osachisiya. Anandifunsa ngati ndinawerengapo zimene zalembedwa m'mphepete mwake. Ndinati ayi. Anati iye anaziona kale, koma ankaopa kundifunsa, poganiza kuti ndikudziwa ndipo sindifuna kuzikamba. Anandibweretsera mpando, nati, "Ama, khalani pansi kaye."

Ndinavala magalasi. Chidutswacho ndi cha dera la Kande lomwelo. M'mbali mwa gombe muli mayina a madoko olembedwa ndi pensulo, timalemba tating'ono ta bambo ako tija, mndandanda wotsika mpaka pakati. Pamene mndandandawo wathera analemba deti: 9 Malichi 1996. Pansi pake pali mizere itatu m'Chitonga chawo. Ndikuikira m'Chichewa monga ndinamvera: "Ndinali pano pamene Griffin ankamwalira. Fyness anandiletsa, sindinamve. Sindidzalembanso dzina lina pamapu awa."

Hannah, ndinalira pakhonde la mwana wa eni ake, makasitomala akuona. Olive anatseka makina ake n'kundilowetsa m'nyumba.

Nditabwerera kuno ndinayala zidutswa zonse khumi ndi chimodzi pamphasa, ulendo uno nkhope yake ili kumwamba. Zinanditengera masana onse kuzilumikiza, kutsata mzere wa gombe ndi msewu. Bambo ako ankalemba deti paliponse pamene afunsa mayina. Ndinafufuza chidutswa chilichonse. Palibe deti lopitirira tsiku lija.

Zaka zisanu ndi ziwiri tinkagona nyumba imodzi, iwo atanyamula chimenechi, inenso nditanyamula changa. Akanangondiuza ndi pakamwa! Nanenso ndikanangowafunsa. Sindikunena kuti sanalakwe. Analakwa, ndipo ankadziwa. Koma ine ndinawaweruza kuti alibe mtima, ndipo pamenepo ndinalakwa ndine.

Tsopano za ntchito yako. Sindikubisa kanthu.

Pakati pa zidutswa pali mipata, pena ya chala chimodzi, pena yoposa, chifukwa tinyenyeswa ta m'mbali ndinataya nthawi yomwe ija. Kolala yosowayo ndi imene inali ndi mathiriro a mtsinje wa Luweya, ndipo ndikudziwa kuti ndi malo amene umawafunitsitsa. Pamenepo pali dzenje lopindika ngati mwezi watsopano, ndipo sindingathe kulitseka.

Ndinapita kwa aWallace Longwe, msodzi wachikulire uja ankaperekeza bambo ako pamaulendo ambiri. Maso awo achita khungu koma mutu ukugwira. Nditawauza zimene ndinachita anati pepala ndi pepala, mayina ali m'mutu mwawo. Anayamba kutchula madoko a ku Luweya limodzi ndi limodzi, ndi malo ena amene anati lero ali pansi pa madzi. Ndinalemba makumi awiri ndi atatu m'kope, koma Chitonga changa cholemba ukuchidziwa, n'chopunduka. Iwo anati, "Muuzeni mwana wa asambizi, aphunzitsi athu aja, abwere yekha ndi makina ake, koma asachedwe. Ine sindilonjeza kuti mvula ikubwerayi indipeza."

Ndili ndi mafunso amene sindingafunse wina koma iwe. Kodi makina anuwo angajambule chidutswa chimodzichimodzi, kompyuta n'kuzilumikiza? Unandiuzapo kuti mapu aakulu mumawajambula m'zigawo. Ngati ndi choncho, mwina ntchito yako sinafe. Timabowo ta mapini ndi choko zisokoneza? Ndinafuna kupukuta chokocho ndi kansalu konyowa, koma ndinaopa kufufuta pensulo, ndiye ndasiya mmene ziliri. Sindinamate ndi selotepi, sindinasite. Ndazigoneka pakati pa makatoni awiri osalala, n'kukulunga m'pulasitiki.

Aprofesa ako uwauze zoona. Usadzinamizire kuti unasunga molakwika, kapena kunamizira chiswe. Uwauze kuti mayi ako ndi telala ndipo anadula. Manyazi amenewo ndi anga, usandisenzere.

Za mizere itatu ija ndaganiza kwambiri. Unati zimene mumalowetsa mukompyuta zimaonedwa ndi anthu ofufuza kulikonse, ngakhale kunja. Poyamba ndinafuna kuti chidutswa chimenecho chitsale kuno. Koma chili ndi mayina a madoko amene mkulu uja anapereka asanamwalire, ndipo mtengo wa mayinawo tikuudziwa ife. Asatayike kachiwiri. Mayinawo ajambulidwe. Mizere itatuyo uone wekha ngati uiphimba kapena uisiya. Anali bambo ako, analinso mlongo wako.

Sinditumiza pa basi, sindituma munthu. Ndikufuna kubwera nazo ndekha ku Zomba kumapeto kwa Julaye, ndizipereke m'manja mwako. Ndalemba kalatayi kuti itsogole, upeze nthawi yokwiya ndisanafike. Ngati sukufuna kundiona panopa, unene, ndipereka kwa aHoward pa depoti n'kubwerera basi yomweyo. Sindidzakuimba mlandu.

Chimodzi chokha ndikupempha, mwana wanga. Ukwiye ndi mawu. Undiimbire undikalipire, undifunse chilichonse, ulire ngati ufuna kulira. Koma usakhale chete. Kukhala chete ndakuona mapeto ake m'nyumba muno, ndipo sindingakupirire kachiwiri kuchokera kwa iwe.

Upereke moni kwa aHoward, uwathokoze chifukwa cha mankhwala a bondo anatumiza aja. Jackie umuuze kuti agogo amusokera diresi ya maluwa achikasu, ndibwera nayo ngati mundilola. Olive ndi aWallace akupereka moni. Amayi a kutchalitchi amakufunsa Lachisanu lililonse.

Mulungu akusunge iwe ndi nyumba yako, akupatse nzeru pa ntchito yako, ndipo akufewetsere mtima pa ine.

Foni ndiziyenda nayo m'thumba, ndipo ikalira sindidula.

Ndine mayi wako,
Fyness NyaMbewe