Tsiku Lija ku Zanzibar

Ludzi, Mchinji
14 Okutobala, 2023

Okondedwa achemwali anga a Tabeth,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwatentha, anthu ayamba kugalauza m'minda. Amayi ayamba kudya pang'ono, ndipo Lamulungu lapitali anayenda okha mpaka kutchalitchi. Achimwene a Enoki akumanga manda a bambo, akuti adzakutumizirani chithunzi akamaliza.

Ndasankha kulemba papepala chifukwa pa foni sindingathe kunena zimenezi. Mwandiimbira kangapo kundipepesa kuti ndinavutika pa ulendo wanga wochokera ku Oman, ndipo nthawi zonse ndimangoti zikomo. Achemwali, sindinavutike. Ndinakunamizani nonse.

Mukudziwa kuti tikiti yomwe mabwana anga a ku Oman aja anandigulira inali yodutsa ku Zanzibar, ndipo ndinayenera kudikira kumeneko kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ndinakuuzani kuti ndinakhala pabenchi ya pabwalo la ndege tsiku lonse, kuti netiweki kunalibe, n'chifukwa chake mafoni a achimwene sanandipeze. Si mmene zinayendera.

Mundege ndinakhala ndi mayi wina wa komweko, dzina lake Zuhura, amenenso ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Muscat. Tinkamvana m'Chiarabu chathu chophunzirira kukhitchini. Titatsika anandifunsa ngati ndikhaladi pabenchi maola khumi, nati kwawo n'kufupi ndi nyanja, ndipo mlongo wake adzandibweza nthawi isanakwane. Ndinkadziwa kuti bambo agonekedwa kuchipatala. Komanso achemwali, ndinali nditatha zaka ziwiri osatuluka pageti. Panja ndinkangopaona ndikamayanika zovala padenga. A pasipoti anandidindira osafunsa zambiri, ndipo ndinatuluka.

Tinakwera minibasi mpaka kumudzi kwawo. Nyanja ya mchere ndinali ndisanaionepo pafupi. Madzi anali atabwerera kutali, amayi ambiri atawerama mumchenga wonyowa akukolola ndiwo za m'madzi ngati mmene timazulira mtedza kuno. Azungu anali atagona pamipando, ofiira ngati mbatata. Mlongo wake wa Zuhura ali ndi kamalo kogulitsira chakudya pagombe, ndipo anandipatsa mpunga wophikira kokonati ndi nsomba yokazinga. Munthu wina kundiikira chakudya m'mbale, ine n'kukhala pampando! Ndinadya mpaka manyazi.

Pamalopo panali intaneti, ndipo Zuhura anandilumikizira. Cha m'ma 11 koloko foni inalira. Anali achimwene a Enoki, pa vidiyo. Ndinaiyang'ana ikulira mpaka inasiya. Inaliranso. Ndinadziwa kuti ali kuchipatala ndi bambo, chifukwa dzulo lake anandiuza kuti adzandiimbira ali pafupi nawo. Ndinaizimitsa, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama.

Sindinaiwale, sindinasokonezeke. Ndinachita dala. Mukukumbukira mwezi wachitatu ndili kuja, atandilanda pasipoti, mayi wa m'nyumbamo atandimenya ndi waya wa simbi? Ndinabwereka foni ya mnzanga n'kuimbira bambo ndikulira kuti andithandize kubwerako. Anandiyankha kuti, "Luwiza, pirira. Anzako akupirira." Mawu amenewo ndinagona nawo zaka ziwiri. Ndiye tsiku limenelo pagombe ndinati mumtima, nawonso apirire mpaka mawa. Ndinafuna tsiku limodzi lokha lopanda munthu wondiitana dzina.

Masana madzi atabwera ndinalowa m'nyanja ndi diresi langa lomwe. Zuhura ndi azibale ake ankandiseka mmene ndinkaopera mafunde, kenako anandigwira manja mbali zonse n'kundilowetsa mpaka m'khosi. Ndinamwa madzi amchere, ndinatsokomola, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Nditatuluka ndinagona pamkeka pansi pa mtengo, tulo tokoma tomwe sindinagonepo chichokereni kuno. Anandidzutsa 3 koloko kuti tizipita.

Foni ndinaiyatsa ndili kale pamzere wokwerera ndege. Panali mafoni asanu ndi awiri, ndi uthenga umodzi wa achimwene wonena kuti bambo atisiya 2 koloko. Nthawi imeneyo ine ndinali mtulo. Mchenga unali udakali m'tsitsi langa. Ndinakautsuka kubafa ya pabwalo la ndege ndisanayambe n'komwe kulira.

Maliro atatha ndinapita ndi achimwene kukaona munda wa kudambo, ndipo panjira ndinawafunsa kuti bambo ankafuna kundiuza chiyani. Anati m'mawa umenewo bambo anatsitsimuka, anamwa phala, n'kuyamba kufunsa kuti ndafika pati. Achimwene akaimba foni osayankhidwa, bambo ankati yesanso. Achimwene anawapempha kuti anene uthengawo kwa iwo, adzandifikitsira, koma bambo anakana.

"Ndi mawu a iye yekha," anatero. "Yesanso."

Choncho sindikudziwa, achemwali. Mwina ankafuna kupepesa. Mwina ankafuna kundiuza za munda, kapena kungoona nkhope yanga. Tsiku lina ndimakhulupirira ichi, tsiku lina icho. Achimwene anandigwira paphewa nati ndisadziimbe mlandu, netiweki si ine ndinapanga. Ndinangoyang'ana pansi.

Chondipweteka kwambiri n'choti amayi amauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti mwana wawo anakhala yekhayekha pabenchi ya dziko lachilendo, wopanda chakudya, bambo ake akumwalira. Amayi a Imelda a m'bungwe la amayi kutchalitchi anandikumbatira mpaka kulira chifukwa cha nkhani imeneyi. Ndipo pali china chomwe ndikuchita nacho manyazi koposa. Ndikakumbukira tsiku limenelo, pamodzi ndi chisoni chonse, thupi langa limakumbukirabe kukoma kwa madzi aja. Ndayesa kudana nalo tsikulo, zikukanika. Kawiri konse ndaima pamzere wa kulapa, kawiri konse ndabwerera ndisanafike kwa bambo mfumu.

Inu ndinu amene munandilera pamene amayi ankagwira ntchito ku esiteti, ndipo simunandibisirepo chilungamo. Ndiuzeni ngati ndiwauze amayi ndi achimwene, kapena ndisenze ndekha. Chomwe munene ndichita. Mukafuna kundikalipira, imbani nthawi iliyonse, ndiyankha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Cyprian, ndipo Natasha mumuuze kuti amayi ake aang'ono amamukumbukira. Mukapeza wobwera kuno mutumizeko mankhwala opaka a mawondo aja, amayi akuti amawathandiza. Iwonso akupereka moni. Akhala pakhonde pomwe pano akuswa mtedza wa mbewu, ndipo angondifunsa kuti ndikulemba chiyani chotalika chonchi. Ndawauza kuti ndi nkhani za kumunda.

Ndine mng'ono wanu,
Luwiza