Kagalimoto ka Ababa Sikakutuluka pa Geti

Kawale 2,
Lilongwe.
Lolemba.

Okondedwa achimwene Ernest,

Muli bwanji kumeneko ku Joni? Alamu anga a Dorica ndi ana ali bwanji? Chifuwa munkadandaula chija chinasiya? Kuno Mulungu akutisunga. Ababa shuga yawo ikungokwera n'kutsika, koma kudya akudya.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani pomwe foni ilipo. Ndikamayankhula nanu ababa amakhala pambali panga makutu ali tcheru, ndiye ndimangoti zonse zili bwino. Sizili bwino ayi. Kalatayi ndapatsira a Hamisi a pa basi, akuti ikupezani Lachinayi. Muwerenge muli nokha.

Nkhani ndi ya kagalimoto ka gofu kaja anawapatsa ababa popuma ntchito. Zaka makumi atatu akunyamulira anthu zikwama ku bwalo la gofu, akuyenda pansi kumbuyo kwa tigalimoto timeneti, mphatso yake n'kukhala kamodzi kakufa mabatire! Inu munaseka. Ine ndinakadzutsa, poti zamagetsi ndiye ntchito yanga.

Chiwagwirireni sitiroko, kagalimotoka ndiye miyendo yawo. Koma kankayenda ngati bilimankhwe. Pa chitunda chopita ku msewu wa tala paja kankalira n'kuima pakati, anthu odutsa n'kumakakankha uku akuseka. Ababa anachita manyazi, analeka kutuluka.

Ndiye anayamba kundikakamira kuti ndikawonjezere mphamvu ndi liwiro. Ankati sakufuna zambiri, koma kukafika okha ku msika wa Kawale, pa bawo pa a Mwamadi, akuyendetsa okha popanda wowakankha.

Ndinavomera, ndipo ndinagwira ntchito yamtima. Mabatire akale a mavolti 36 ndinachotsa, n'kuika atsopano a 48. Ndinaika kontirola yaikulu yogawa mphamvu ya magetsi ndi mawaya onenepa, mota ndinakakulungitsa mwatsopano ku Biwi. Tsiku loyesa ndinakweza kumbuyo kwake pa njerwa. Nditangoponda, matayala anazungulira mpaka nkhuku zonse balala! Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Chimwalirireni amayi ndinali ndisanawamve akuseka choncho.

Sabata yomweyo ndinapita nawo ku sikelo ya maso. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti shuga yadya maso. Lakumanzere likungoona nkhungu, lakumanja likuona chokhacho chili kutsogolo kwenikweni. Chobwera cham'mbali sangachione. Eniakewo akuti akuona bwinobwino, chonsecho tsiku lina anapatsa moni mgolo wa madzi poyesa ndi Mai Salama oyandikana nafe.

Msewu wathu mukuudziwa inu: maminibasi olimbirana anthu, akabaza a njinga zamoto, ana a sukulu odumpha osayang'ana. Ndinayesa kuwalankhula mwaulemu. Anandifunsa ngati ndinawapatsa miyendo kuti ndidzawalandenso.

Tsopano imvani chimene ndinachita, achimwene. Ndinatenga tepi n'kuyeza geti lathu. Kenako ndinawauza ababa kuti mphamvu zoterezi zimafuna matayala otambalala, olimba m'maenje. Bodza lenileni silinali, koma ine ndinasankha otambalala kwambiri, n'kuwatulutsanso kunja ndi tizitsulo. Kagalimoto kanaposa geti ndi zala zitatu. Ndinachita dala.

Tsiku lotuluka anavala jekete ndi kapusi yawo ya ku gofu ija. Anafika pa geti, matayala n'kugunda zipilala uku ndi uku. Anabwerera m'mbuyo, kuyesanso, mpaka kanayi. Ine ndinagwira pakamwa ngati ndadabwa. Mulungu andikhululukire.

Lero ndi sabata zitatu. M'mawa uliwonse amavala jekete lija n'kumazungulira mumpanda muno, kuchoka pa mpapaya kufika pa bafa, kukhota pa chingwe choyanikira zovala, n'kubwereranso. Chinthu champhamvu ngati ng'ombe, bwalo lake mapazi khumi! Pansi pachita kukumbika mzere wozungulira. Ndikamamva kulira kwa mota ija mtima umandiwawa, chifukwa ndinaipanga bwino kwambiri.

Inenso sindikuchoka pakhomo. Anthu akandiitana ku ntchito ndikukana, poopa kuti ndikangotuluka aitana mmisiri adzagwetse chipilala. Ndawatsekera, nanenso ndadzitsekera momwemo. Ndatopa, achimwene, ndipo ndikuchita mantha.

Dzulo titabwera ku tchalitchi pa galimoto ya mpingo anandiitana pakhonde. Pamiyendo pawo panali hamala yaikulu ija munkaswera miyala. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndipo sanakalipe ayi.

Anati, "Tiwale, maso angawa anatha, ndikudziwa. Koma makutu alipo. Ndinaimva tepi yako ikubwerera m'kabokosi kake pa geti paja."

Ndinangoti zyoli, misozi chuchuchu. Anati mmisiri saitana, chifukwa amene anayeza ndi amene agwetse chipilala. Anandipatsa mpaka Loweruka.

"Ukakana usandinamizenso," anatero. "Udzandiyang'ane n'kundiuza kuti ndifera mumpanda muno."

Ndinawapempha kuti ndizikwera nawo, ndizikhala pambali n'kumawaonera njira. Anakana. Akuti zaka makumi atatu anayenda kotsatira anthu ena, ndiye ulendo umodzi wokha akufuna wopanda wowauza kolowera.

Ndiye nditani? Ndikagwetsa, akagundidwa kapena akagunda mwana wa eniake, liwiro limenelo ndinaika ndi manja angawa. Ndikapanda kugwetsa, ndiziwaona akuzungulira ngati mbuzi yapachingwe mpaka tsiku lawo.

Chonde achimwene, mutu umodzi susenza denga. Muimbe Lachisanu, koma musadzanene zija mumanena za "muziona konko, achemwali." Ababa ndi anunso. Ngati yankho ndi ayi, mudzawauze ndi pakamwa panu, ine nditagwira foni. Ngati ndi inde, mudzanene momveka, kuti hamalayi tiinyamule awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni ndi kukutetezani m'dziko la eni.

Pamene ndikumaliza kulemba, ababa aima pa geti, matayala atagunda zipilala. Sakuyesa kutuluka. Akungomvetsera magalimoto akudutsa kumtunda.

Ine mlongo wanu,
Tiwale