Musamufunse Kanthu Mwatitha

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundikana. Nyanja yakwera mpaka yameza mango aja munabzala kuseri kwa khitchini. Chimanga chinachita bwino kwa achimwene ku Chitala, anatitumizira matumba. Zolemba mukudziwa kuti sindinaphunzire, choncho akundilembera ndi mayi mnzanga wa kuno. Ndawauza kuti asakometse kanthu, alembe mmene ndikunenera.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Mwatitha, chitsirizira changa, yemwe munamulandira ndi manja anu. Chaka chija mutangotisiya anagwa pa kabaza wa njinga yamoto akupita ndi usipa kumsika. Mutu unamenya mwala. Anagona kuchipatala ku Lilongwe osadziwa munthu, koma anadzuka, ndipo akuyenda. Chokhacho, Mwatitha wamkamwa uja simungamupezenso. Amaiwala mphika pamoto. Nthawi zina amagwa ndi kuphupha, thovu kukamwa. Ndipo chilichonse mungamufunse, amamwetulira n'kuti eya.

Tsopano ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno.

Kusikelo adokotala anandiitana ine, osati iye yekha. Anamusinthira mankhwala a kugwa aja kuti agwirizane ndi mimba, nati asadumphitse tsiku. Ndimamumwetsa ndekha n'kumuyang'ana mkamwa. Anatinso matenda akadzayamba asadzachedwe pakhomo, chifukwa magazi ake akuthamanga, ndipo akadzagwa ali mkati mobereka tikhoza kutaya onse awiri.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimve, Amayi. Inu munali mzamba, ndipo ine ndimayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha dzina lanu. Theka la mudzi wathu linabadwira pamphasa yanu. Mwana akachedwa munkati, “Atseke chitseko, pali dzina lomwe silinatchulidwe.” Ndiye munkamupanikiza mayi kuti aulule amuna amene anayenda nawo, njira itseguke. Ndinkakhala pakhomo ndi madzi otentha, ndinkamva.

Mwamuna wa Mwatitha ali ku Mbenji ndi asodzi anzake, ndipo mukudziwa kuti mkazi saponda pachilumba chija. Munthu ndi wabwino, amaimba foni. Koma amayi ake ayamba kuwerenga miyezi pa zala. Tsiku lina ndinawapeza pathandala poyanika usipa atamukhazika mwana wanga pansi.

“Mimbayi si ya mnyamata wogulitsa mafuta a maboti uja?”

Mwatitha anati eya, akuseka.

Ndinatula dengu n'kunena kuti, “Mwatitha, apongozi akowa si mfiti?”

“Eya, amayi.”

“Mwamva, asewere? Nanunso mwaululidwa. Tiyambe mlandu wa ndani?”

Anachoka akutukwana, mpaka lero sitilonjerana. Koma anasiya mawu oti likadzafika tsikulo, amayi akuluakulu adzamufunsa bwinobwino m'nyumba asanapite kulikonse. M'maganizo mwanga ndinaona chitseko chija chikutsekedwa. Mwana wanga akanatchula mudzi wonse, ndi abusa omwe, nthawi ikupita, kenako n'kugwa pamphasa popanda womuthandiza.

Mawa lake ndinamumangira katundu, tinakwera minibasi. Tili pa boma, m'nyumba yodikirira ya pachipatala. Ndikugona pasimenti pambali pake, ndikuphika pamafuwa obwereka. Usipa wanga ndausiya m'manja mwa anthu. Kumudzi akuti mwana wa mzamba wanyoza manja a mayi ake. Zimandiwawa, koma sindibwerera.

Dzulo Mwatitha anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Mwana anamenya. Anati, “Amayi, ndikadzamuiwala pamphasa ngati mphika, mudzandikumbutse.” Awa sanamufunse munthu, ananena yekha. Ndinatuluka panja ngati ndikukaona moto.

Anamwino akuti mwina adzachita opaleshoni. Mapazi atupa, mutu ukumupweteka kuyambira m'mawa, ndipo akumuyeza pafupipafupi. Ndili ndi mantha, Amayi. Sindinauze munthu wina aliyense.

Manda anu chaka chino sindinalambule. Tikatuluka muno ndidzabwera ndi khasu, khanda lili kumsana kwanga, mudzalione. Koma mukamuona Mwatitha akutulukira kumeneko, mubwezeni msanga. Musamufunse ngati akufuna kukhala nanu. Adzangoti eya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nachisale