Mwala M'lichero la Nandolo

Nkhulambe, Phalombe
Okutobala 2009

Wokondedwa Prudence, mwana wa mlongo wanga,

Uli bwanji ku Jeremaniko? Kuno tili bwino. Mwendo wa mayi ako uja wapola, nandolo nayenso wabereka chaka chino.

Koma ine malume ako ndakuwonongera zinthu, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Loweruka kunabwera akwawo kwa Walter kudzakambirana za chinkhoswe chanu. Mayi ake, a Anastazia, aja amagula nandolo pa Boma, anafunsa kuti ntchito yako kwenikweni ndi yotani. Ine ndinati ndiyankhe, poti unandifotokozera pafoni.

Ndinati umaziziritsa mpweya kuposa chisanu cha pamwamba pa phiri la Michesi, mpaka tinthu take tosaoneka timangokwawa ngati nkhono. Kenako umaponyamo kanthu kamodzi kachilendo n'kumaona kuti eni mudzi akalandira bwanji, kaya akaunjirira, kaya kagwirana ndi mmodzi n'kuthawa naye.

Anthu anangoti kukamwa yasa. Ndiye ine, pofuna kuoneka wophunzira, ndinatenga lichero la nandolo wopeta kale n'kuponyamo mwala. Ndinati basi, izi ndi zomwe Prudence amachita tsiku ndi tsiku, ndipo azungu amamuombera m'manja.

A Anastazia anadzambatuka pamphasa. Anati iwo akalamba akutola miyala m'matumba a anthu obera sikelo, lero akumva kuti kuli sukulu yake, ndipo amene wakhoza ndi mpongozi wawo. Ndinayesa kunena kuti iwe zako ndi zamumpweya. Iwo anati wothira mwala mumpweya sangalekerere nandolo. Nkhuku yomwe tinawaphera anaisiya m'mbale.

Walter wawonda, mwanawe. Dzulo anabwera panjinga, maso ali gwa. Akuti mayi ake avomera pokhapokha ubwere pa Khirisimasi, udzapete thumba lathunthu iwo akuyang'ana.

Apa m'pamene ndikulira. Tonse tikudziwa kuti iwe ukagwira lichero, nkhuku za mudzi wonse zimachita phwando.

Ndatumiza papositi lichero ndi nandolo wosapeta. Chonde, uziyeserera m'mawa uliwonse usanapite kukaziziritsa mpweya wakowo, anzako akaseka aseke. Digiri uli nayo kale, koma Walter ali m'lichero.

Undiperekere moni kwa aphunzitsi ako. Mulungu akusunge, alimbitsenso manja akowo.

Ndine malume ako wamanyazi,
Goodman Sitima