Penti wa mabwato pa kansalu ka malemu amayi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimachapa zovala pa loji ina kuno ku Senga Bay. Ndalakwitsa chinthu, ndipo chikundidya mumtima.

Mu Ogasiti kunabwera mlendo wina, mayi wojambula. Tsiku lina pokapereka matawulo ndinamupeza akudinda zithunzi pa chinthu chofewa ngati chiwindi, chili m'thileyi. Anati ndi jelatini. Amapaka penti pamwamba pake ndi kachogudubuza ka labala, n'kuyalapo masamba, n'kukanikiza pepala ndi dzanja. Akamatula, tsamba lonse lili papepala ndi mitsempha yomwe! Pochoka anandisiyira kachogudubuzako. Ine kufunsa za zipangizo zina ayi, ndimvekere ndaona kale.

Mng'ono wanga Edina akukwatiwa ku Chipoka milungu itatu ikubwerayi, ndipo ndinadzitama kuti makhadi aukwati ndipanga ndine. Amayi athu anatisiya chaka chatha. Asanadwale analuka ndi koloshi kansalu koyera ka maluwa, n'kundiuza kuti, "Aka n'kapatebulo la keke ya Edina. Usunge, ndiwe wamkulu." Ndiye ndinaganiza kuti bwanji maluwa a amayi aoneke pa makhadi? Ndidinda ndi kansaluko, ndichapa, ndibwezera m'sutikesi. Kuchapa si ndiye ntchito yanga?

M'golosale ku Salima nditafunsa jelatini anandipatsa jele wofiira uja timapatsa ana pa Khirisimasi. Mapepala olimba ndinaitanitsa ku Lilongwe, ongokwana makhadi onse. Za penti, bambo a kunyumba, a Luka, omwe amapenta mabwato, anati, "Ugulirenji wina? Tenga wabuluuyu, ngakhale nyanja siimuchotsa." Ananena zoona, Aphungu.

Ndinayamba Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Jele uja anayamba kusungunuka ndisanathe khadi lachitatu, nyerere zili mbwee. M'malo moleka ndinachita khama lopusa, mapepala onse n'kuthera pomwepo. Khadi limodzi lokha ndi limene linatuluka bwino. Kansalu kaja ndakaviika m'sopo, m'palafini, m'mandimu, koma kadakali kabuluu, kauma gwa ngati chikumba.

Dzana Edina atabwera kuchokera ku Chipoka anati, "Achemwali, kansalu ka amayi mukasite bwino." Ndinangoti chabwino, maso ali pansi. Mnzanga Hajara amatha kuluka, akuti andilukira kofanana nako kuti Edina asadziwe. Kodi nditero? Nanga makhadiwa ndigule chiyani? Ndikanafunsa, mayo, ndikanafunsa.

M.C., Senga Bay, Salima

Mayi M.C.,

Pepani ndithu. Safunsa anadya phula, ndipo inu mwadya lambiri, koma poti tsopano mwafunsa, inenso ndakakufunsirani kwa mphunzitsi wina wa zojambula. Tiyambe ndi zogula.

Jele wa ana ali ndi shuga, n'chifukwa chake nyerere zinafika paukwati musanaziitane. Inu funani jelatini wopanda shuga, wopanda mtundu. Wophika wa pa loji yanu amamudziwa. Gulaninso gilisalini, yemwe uja timadzola m'miyendo nthawi yozizira, chifukwa ndiye amalimbitsa jelatiniyo. Sakanizani kapu imodzi ya madzi, ina ya gilisalini ndi masupuni aakulu anayi a jelatini. Tenthetsani osawiritsa, thirani m'thileyi, mupemphe malo m'filiji kuti agwirane. Ndi kutentha kwa kwanuko, dindani mmamawa pamthunzi, ndipo akayamba kufewa lekani, abwerere m'filiji.

Penti akhale wosungunula ndi madzi, wonga amene ana asukulu amajambulira. Mitundu iwiri yakwana. A Luka muwathokoze, koma chitini chawo chibwerere ku mabwato. Mapepala abwino mukagulanso musawakhudze kaye. Nyuzipepala masiku ano zamera ngati bowa, phunziriranipo, ngakhale pa ino mukatha kuwerenga. Zodindira nazo zili pakhomo panu pomwepo, masamba a chinangwa, chidutswa cha ukonde wakale. Chinthu chimene mungachilire chitawonongeka chisayandikire penti kufikira dzanja litazolowera.

Tsono za Hajara, ayi, mayi, ayi. Edina anakula akuona amayi ake akuluka, dzanja lawo amalidziwa. Ngakhale atapusitsika, inuyo mudzakhala paukwatipo mukuyang'ana pansi pa keke, anzanu akuvina, ndipo bodzalo mudzalisenza mpaka kukalamba.

Loweruka lino kwerani basi ya ku Chipoka mutatenga zinthu ziwiri, kansaluko ndi khadi limodzi lija. Muuzeni monga mwandiuzira ine. Alira, mwina akukalipirani. Musadziteteze, ndipo musakankhire mlandu a Luka, poti wotsegula sutikesi ndinu. Ndisakunamizeni, kansaluko sikadzayeranso. Madzi akatayika sawoleka.

Akakhala kuti mtima watsika, muonetseni khadilo. Kansalu kouma choncho kangathe kudindabe ndi penti wa madzi, ndipo aliyense woitanidwa angagwire m'manja maluwa amene amayi anu analuka. Koma zimenezo anene ndi Edina. Akakana, kapindeni mumupatse momwemo, n'kake.

Chenjerani, musadikire kuti akadziwire pa tsiku la ukwati. Amayi anu anati musunge poti ndinu wamkulu. Kansalu mwalephera kukasunga, musataye ndi mng'ono wanu yemwe.