Gilida ya bambo pansi pa mlongoti

Aphungu,

Mtima ukungodumpha! Bwato limene ine ndi mwamuna wanga Jelmer takhala tikukonza latha, Loweruka tikuimika mlongoti. Choposa apo, bambo anga akubwera. Ndi msodzi wa ku Urk, wokonda tchalitchi kwabasi, ndipo chikwatiwireni ndi munthu wosapemphera sanapondepo pakhomo pathu.

Anaimba okha foni. "Bwato lopanda ndalama pansi pa mlongoti ndi beseni chabe, mwanawe," anatero. Akuti abweretsa gilida, ndalama yakale ya dziko lathu lino, imene aichotsa pansi pa mlongoti wa bwato lawo.

Vuto ndi mawu olembedwa m'mphepete mwa ndalamayo, akuti Mulungu akhale nafe. Jelmer atamva anati, "Madalawo akufuna kulowetsa tchalitchi m'bwato mwanga mozembera." Wakonzeratu ndalama yake ya mayuro awiri ya ku Belgium, yopanda dzina la Mulungu. Kodi mawuwa amafunanji pa ndalama? Ndikuopa kuti bambo akakanidwa sadzabweranso. Ndingoisintha mobisa?

F.K., Sneek

A F.K.,

Zosintha mobisazo iwalani.

Muuzeni Jelmer atsitse mtima pansi. Kale akamberembere ankapala m'mphepete mwa ndalama zasiliva, ndiye boma linkalembamo mawu kuti yopalidwa idziwike msanga. Makolo athu, pokhala anthu opemphera, anasankha dzina la Mulungu. Yuro itabwera m'malo mwa gilida mawuwo sitinawataye, ali pa ndalama yathu ya mayuro awiri mpaka lero. Jelmer wakhala akugulira nsomba ndalama yomweyo osatembenuka mtima, lero aopenji?

Kambani naye lero lino, osati pa doko anthu akuonerera. Pansi pa mlongoti ndalama ziwiri zimakwana bwinobwino: iye aike yake, bambo aike yawo ndi dzanja lawo. Akafuna kupemphera, asiyeni. Akatha apatseni khofi.

Koma ine chandisangalatsa n'china, chimene nonse awiri simunachione. Msodzi wa ku Urk sachotsa ndalama pansi pa mlongoti wake ngati akuganiza zobwereranso panyanja. Bambo anu aweruka pa usodzi, ndipo chimene chinawaperekeza pamafunde moyo wawo wonse akuchipereka m'bwato la mkamwini amene ankamukana.

Chenjerani, Jelmer asayerekeze kuseleula mawuwo pamaso pawo. Ndalamayo ikabwerera ku Urk m'thumba, bambo anu abwerera nayo limodzi.